Ashoka, Mfumu Imene Inalemba Cisoni Cace pa Thanthwe

Amwenye ambiri amene ali ndi masitolo ku Lusaka ndi ku Chipata makolo ao anacokera ku cigawo ca India cochedwa Gujarat, ndipo oyamba a iwo anafika ku Chipata kuciyambi kwa zaka za 1900, mudziwo ukali kuchedwa Fort Jameson. M'cigawo comweco ca Gujarat, patsinde pa phiri la Girnar kufupi ndi mzinda wa Junagadh, pali mwala waukuru wobulungira, wotalika kuposa munthu, umene nkhope yace inadzala ndi zilembo. Zilembozo zinazokotedwa zaka zoposa 2,200 zapitazo mwa lamulo la mfumu Ashoka. Masiku amenewo alimi ndi osula citsulo anali asanafike m'dera lino la Chongwe ndi Lusaka; okhalamo anali osaka nyama ndi mibvi ya nsonga za miyala, amene zida zao zinapezeka m'phanga la Leopard's Hill.

Mafumu ambiri akale analemba pa miyala, ndipo cimene analemba cimafanana ndi cimene oimba zitamando amapfuula pamaso pa mfumu yobwera kunkhondo: midzi yakuti inatenthedwa, ng'ombe zakuti zinalandidwa, mfumu yakuti inagwada. Akazi amasiye sachulidwa m'zitamando. Koma pa mwala wa ku Girnar, ndi pa matanthwe ena a ku India ndi ku Pakistan, pali mau a mfumu imene inapambana nkhondo yaikuru, niwerenga akufa, ninena poyera kuti kupambanako kunaiwawa mtima. Mau amenewo ndiwo acititsa kuti dzina la Ashoka lidziwike kufikira lero.

Ashoka anali mdzukulu wa Chandragupta Maurya. Alexander wa ku Macedonia anafika ku India ndi ankhondo ace m'caka ca 326 B.C., ndiko kuti zaka 326 Kristu asanabadwe, nabwerera, nafa mu 323. Aphunzitsi akumbutse ana kuti zaka zimenezi amaziwerenga cobwerera, kotero kuti 326 ndi kale kuposa 260. M'cipwirikiti cimene cinatsatira, Chandragupta analanda ufumu wa Magadha m'cigwa ca mtsinje wa Ganges, naukuza kufikira unakomana ndi malire a Seleucus, kazembe wa Alexander amene analowa ufumu ku Syria ndi ku Persia. Awiriwa anapangana mtendere: Seleucus anapereka maiko a kumadzulo kwa mtsinje wa Indus, nalandira njobvu zankhondo 500. Anatumizanso nthumwi yace, Megasthenes, kukakhala ku likulu la Chandragupta, Pataliputra, pamene lero pali mzinda wa Patna. Megasthenes analemba kuti mzindawo unazingidwa ndi linga la mitengo lokhala ndi zipata 64 ndi nsanja 570. Chandragupta atacoka analowa mwana wace Bindusara, ndiye atate wace wa Ashoka.

Za unyamata wa Ashoka zimacokera m'mabuku amene amonke a cipembedzo ca Buddha analemba patapita zaka mazana angapo iye atafa, ndipo mphunzitsi ayenera kuwagwira monga agwira nthano za pamoto. Mabukuwo amati atate wace anamtuma kukalamulira ku Ujjain, ndi kuti Bindusara atafa, Ashoka anapha abale ace 99 kuti alowe ufumu. Ena amati anamanga ndende yozunziramo anthu, yokongola kunja, koma wolowamo osaturuka wamoyo. Ciwerengero ca 99 nca nthano. Amonke anafuna kudetsa Ashoka woyamba kuti Ashoka wotembenuka aoneke woyera koposa, monga amacitira ali yense wosimba za munthu wosandulika. Miyala yace yomwe imawatsutsa, pakuti pa lembo lina mfumu imachula nyumba za abale ace ndi alongo ace monga zinthu zoti nduna zace ziziyang'anira. Komabe mabuku a ku Sri Lanka amanena kuti panapita zaka zinai Bindusara atafa Ashoka asanalongedwe ufumu, ndipo kucedwa kotere kaŵirikaŵiri kumasonyeza mkangano wa pabanja, monga umaoneka ngakhale m'mabanja a mafumu a kuno. Analongedwa ca m'ma 268 B.C.

Zitapita zaka zisanu ndi zitatu ali pa mpando, ca m'ma 260 B.C., anathira nkhondo dziko la Kalinga, la m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa, kumene lero kuli Odisha. Ambuye ace ndi atate ace sanaligonjetse dzikolo. Za m'mene nkhondo inamenyedwera palibe analemba, koma zotsatira zace anazilemba mwini wace, m'lembo limene ophunzira amalicha la 13 mwa malembo akuru a pa matanthwe. Anthu 150,000 anagwidwa natengedwa kunka nao kutali, 100,000 anaphedwa, ndipo ena ocuruka kuposa pamenepo anafa pambuyo pace. Ana asukulu samva msanga kukula kwa ziwerengero zotere. Angathandizidwe pouzidwa kuti otengedwa okhawo akadadzaza bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka kawiri, ena nkutsalabe panja. Ndipo a ku Chipata, amene makolo ao Acewa ndi Ansenga anagwidwa ndi Angoni a Mpezeni nakula m'midzi yacilendo, adziwa kuti kutengedwa kotere sikutha ndi mbadwo umodzi.

Lembo limeneli silinena za akufa okha. Mfumu imati cimene cinaipweteka koposa ndico cakuti m'dziko logonjetsedwalo munali anthu abwino, ansembe ndi amonke ndi eni mabanja omvera makolo ao ndi kusunga bwino akapolo ao, ndipo nkhondo sinasankhe. Imatinso ngakhale wopulumuka sanapulumuke, pakuti tsoka la bwenzi lace kapena mbale wace linamlasa iyenso. Ndipo imati akadafa tsopano munthu mmodzi yekha mwa zana, kapena mmodzi mwa cikwi, wa amene anafa ku Kalinga, cikadakhala colemera pamtima pace. Pomariza imalangiza ana ace ndi adzukulu ace kuti asayese kugonjetsa maiko ena ngati nchito yoyenera mfumu, ndipo ngati alephera kudziletsa, akhale oleza ndi olanga pang'ono.

Buddha, amene ciphunzitso cace Ashoka anacitsata, anali Siddhartha Gautama, mwana wa mkuru wa pfuko la Sakya, wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal. Anasiya nyumba ndi cuma, naphunzitsa kuti mabvuto a munthu amacokera ku cilakolako cosakhuta, ndi kuti munthu asaphe camoyo ciri conse. Anafa zaka zambiri Ashoka asanabadwe. Mabuku ambiri a sukulu amasimba kuti Ashoka anaima pakati pa mitembo ya ku Kalinga natembenuka tsiku lomwelo. Nkhaniyo imakoma pokamba, koma mwini wace sananene cotero. Pa lembo lina laling'ono anabvomera kuti anakhala wotsata Buddha zaka ziwiri ndi theka ndi kuposapo, koma poyamba analibe cangu. Cangu cinadza atayamba kuyendera amonke. Mabuku a amonke a ku Sri Lanka amaika kutembenuka kwace nkhondoyo isanacitike, ndipo za Kalinga sanenapo kanthu konse. Cioneka kuti mtima wace unatembenuka pang'onopang'ono, monga umatembenukira wa anthu ambiri, ndi kuti mwazi wa ku Kalinga unasandutsa cikhulupiriro ca pakamwa kukhala ca m'mafupa.

Cimene analalikira kwa anthu ace anacicha Dhamma. Mau amenewa m'Cinyanja angamasuliridwe kuti makhalidwe oongoka. Pa matanthwe akuru sanalembe ziphunzitso zakuya za amonke, koma zinthu zimene nkhalamba iri yonse ya pamudzi ingabvomereze: kumvera amai ndi atate, kulemekeza aphunzitsi, kupatsa abwenzi ndi anansi, kucitira cifundo akapolo ndi anchito, kusaononga cuma, kunena zoona. Anaonjezapo kusapha nyama, ndipo apa anayambira m'nyumba mwace. Analemba kuti kale m'khichini ya mfumu munali kuphedwa nyama zikwizikwi tsiku liri lonse, koma tsopano zitatu zokha, mbalame ziwiri za pikoko ndi gwape mmodzi, gwapeyo osati masiku onse, ndipo analonjeza kuti zitatuzonso adzazileka. Wowerenga sangalephere kumwetulira poona mfumu ya dziko lonse la India ikuulula pa mwala kuti nkhuli ya pikoko inali isanathe. Koma kuulula kotere ndiko kumapatsa munthu cifukwa cokhulupirira mau ace ena.

Analeka maulendo osaka nyama, nayamba maulendo oceza ndi anthu a m'midzi ndi kupereka mphatso kwa okalamba. Anabzala mitengo ya mthunzi ndi ya mango m'mbali mwa miseu, nakumbitsa zitsime, namangitsa nyumba zopumuliramo apaulendo. Anakonza za mankhwala a anthu ndi a zoweta, ndipo kumene kunalibe mitengo ya mankhwala anaitanitsa mbeu. Amene anayendapo pansi pa mseu wa Great East m'mwezi wa October, kucokera ku Chongwe kupita ku Chalimbana kapena kutsikira ku Luangwa, sadzayesa citsime ndi mthunzi kanthu kakang'ono. Ataturutsa zaka 13 mu ufumu anaika nduna zapadera za Dhamma, zoyang'anira akaidi, okalamba ndi osowa owathandiza. Analamula kuti ofuna kumuuza za milandu ya anthu amfikire nthawi iri yonse, kaya ali pa cakudya, kaya ali m'nyumba ya akazi, kaya ali m'munda. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iyeyu anaulozetsa yekha kumene nkhonya zicokera.

Lembo la 12 linena za zipembedzo, pakuti mu ufumu wace munali Abrahmana, otsata Buddha, Ajaina, Aajivika ndi ena. Mfumu imati munthu wotama cipembedzo cace ndi kunyoza ca mnzace, poyesa kuti akukometsa cace, akuciononga ndiye, ndipo ipempha kuti anthu azimverana ziphunzitso zao. Sanangonena pakamwa: mapanga osemedwa bwino a m'mapiri a Barabar anawapereka kwa Aajivika, amene amonke a Buddha sanali kugwirizana nao. M'dziko limene mudzi umodzi umakhala ndi mipingo isanu, ndipo ana a mipingo yonseyo amakhala pa benchi limodzi, lembo limeneli lisapitiriridwe mothamanga.

Palinso cina coyenera aphunzitsi kuciona, ndico cinenero. Ansembe a ku India anali ndi cinenero cao capamwamba, Sanskrit, koma Ashoka analemba m'zinenero za anthu wamba zochedwa Prakrit, ndipo alembi anasintha kachulidwe monga mwa dera. Kumpoto cakumadzulo analemba ndi zilembo zina zozolowereka kumeneko, ndipo ku Kandahar m'dziko la Afghanistan kunapezeka mu 1958 mwala wolembedwa m'Cigriki ndi m'Ciaramu. Podziwa kuti ambiri sadziwa kuwerenga, analamula kuti malembo ena aziwerengedwa mokweza pa masiku oikika, ngakhale womvera akhale mmodzi yekha. Mmodzi wa amisiri ozokota, Chapada, anasiya dzina lace pansi pa lembo la ku Brahmagiri, kumwera kwenikweni, ndipo mau akuti mlembi anawalemba ndi zilembo za kumpoto cakumadzulo. Cioneka kuti anali munthu wotumidwa kukagwira nchito kutali ndi kwao, monga amatumidwira mphunzitsi watsopano.

Tsono pali zina zimene woyamikira Ashoka sayenera kubisa. Dziko la Kalinga sanalibweze kwa eni ace, ndipo palibe lembo lonena kuti anthu 150,000 aja anabwerera kwao. Ankhondo ace sanawabalalitse. M'lembo lomwelo la cisoni anacenjeza mitundu ya m'nkhalango kuti ngakhale ali wolapa, mphamvu ali nayo, ndipo alape iwonso kuti angaphedwe. Cilango ca imfa sanacicotse; anangopatsa oweruzidwa masiku atatu kuti abale ao akadandaule kapena kuti iwo akonzeke. Wina anganenenso kuti nkosabvuta kusala nyama utakhuta, pakuti Kalinga atagwa, kunatsala maufumu a kumwera kwenikweni okha, monga a Chola ndi Pandya.

Copambana zonsezi ndi ici: lembo la 13 liri ku Girnar, liri ku Kalsi, liri ku Shahbazgarhi, malo akutali ndi kumene mwazi unakhetsedwa, koma m'dziko la Kalinga mwenimweni mulibe. Pa matanthwe awiri a kumeneko, ku Dhauli ndi ku Jaugada, analisiya dala pamodzi ndi ena awiri, naikapo malembo ena. M'menemo mfumu imati anthu onse ndi ana ace, ndipo imadzudzula nduna zace cifukwa ca anthu omangidwa ndi kuzunzidwa popanda mlandu, nilonjeza kutuma woyendera zaka zisanu ziri zonse. Mau abwino ndithu, koma kupepesa mulibe. Kapena anaona kuti wopha mbale wako akadza kudzalira pamaliro, misozi yace imangoutsa mkwiyo. Kapena anaopa kuti ciwerengero ca akufa, coima pa mwala pakati pa ana a akufawo, cidzabala kupanduka. Zonse ziwiri ndi nzeru za wolamulira wocenjera, ndipo zisonyeza kuti kulapa kwace sikunamuiwalitse kusunga mpando. Komabe mafumu okhuta analipo ambiri, asanabadwe iye ndi atafa, ndipo sikupezeka wina wa masiku akalewo amene anawerenga anthu amene anawapha nacha ciwerengeroco cinthu comvetsa cisoni.

M'malo mwa ankhondo anatuma amithenga. Lembo la 13 limachula mafumu asanu a Agriki amene uthenga wa Dhamma unalunjika kwao: Antiochus wa ku Syria, Ptolemy wa ku Egypt, Antigonus wa ku Macedonia, Magas wa ku Cyrene, ndi wina dzina lace Alexander. Awiri a iwo, Ptolemy ndi Magas, analamulira mu Africa, pakuti Cyrene ali m'dziko la Libya. Maina amenewa ndiwo anathandiza ophunzira kupeza zaka za Ashoka, popeza zaka za mafumu a Agriki zinali zodziwika kale. Kumadzuloko mbeu sinamere. Inamera ku Sri Lanka, kumene mabuku a pa cisumbuco amati kunapita mwana wace Mahinda, mmonke, ndi mwana wace wamkazi Sanghamitta, amene anatenga nthambi ya mtengo umene Buddha anakhala patsinde pace ku Bodh Gaya. Mtengo wa ku Anuradhapura umene amati unamera ku nthambiyo ukali moyo, ndipo anthu amausamala usana ndi usiku. Ashoka mwini anapita ku Lumbini ataturutsa zaka 20 mu ufumu, naimika cipilala, nacepetsa msonkho wa mudziwo cifukwa Buddha anabadwira pamenepo.

Anafa ca m'ma 232 B.C. Nthano ya amonke imati ataukalamba anapereka cuma cambiri kwa amonke kotero kuti nduna zinamtsekera nkhokwe, ndipo mphatso yace yotsiriza inali theka la kacipatso kochedwa amalaka, kakukula ngati suku. Ufumu sunakhalitse. Ca m'ma 185 B.C. mfumu yotsiriza ya banja la Maurya, Brihadratha, inaphedwa ndi kazembe wace Pushyamitra poonetsa asilikari. Cipembedzo ca Buddha cinafalikira ku China, ku Japan, ku Burma ndi ku Thailand, koma m'dziko lobadwira cinazilala, ndipo Amwenye ambiri a kuno ndi Ahindu ndi Asilamu.

Zilembo zomwe zinaiwalika. Ca m'ma 1356 mfumu ya ku Delhi, Firuz Shah Tughluq, inazizwa ndi cipilala cosalala ca mwala umodzi, cotalika mapazi oposa 40, cimene cinaima ku Topra. Inacinyamula pa ngolo ya mawilo 42 ndi pa ngalawa kufikira ku Delhi, niitana anzeru kuti awerenge, koma panalibe anakhoza. Mau a mfumu yofuna kumvedwa ndi munthu ali yense anakhala duu zaka mazanamazana, mbuzi zikudya msipu patsinde pace.

Anawatsegula ndi James Prinsep, woyesa siliva ndi golidi m'nyumba yosulira ndalama ku Calcutta, m'caka ca 1837, patangopita zaka ziwiri Zwangendaba ataoloka Zambezi ndi Angoni ace. Prinsep anaona kuti timalembo tambiri tatifupi ta pa mpanda wa kacisi wa ku Sanchi timathera ndi zilembo zofanana. Anaganiza kuti ndi maina a opereka, ndi kuti mau otsirizawo ndi danam, ndiko kuti mphatso. Kucokera pa zilembo zowerengeka zimenezo anapeza zinzace, monga mwana wodziwa "ma" ndi "ta" amayamba kutola mau pa bolodi. Koma dzina limene anawerenga pa zipilala silinali Ashoka. Linali Devanampiya Piyadasi, Wokondedwa ndi Milungu, Wopenya Mokoma. Poyamba anayesa kuti ndi mfumu ya ku Sri Lanka, kufikira George Turnour, wogwira nchito ya boma pa cisumbuco, anapeza m'buku lakale la amonke kuti Piyadasi ndi dzina lina la Ashoka. Prinsep anafa mu 1840 ali ndi zaka 40. Umboni wotsiriza unadza mu 1915, pamene wofufuza golidi wina anapeza ku Maski lembo lokhala ndi maina onse awiri, Devanampiya ndi Ashoka.

Ku Sarnath, kumene Buddha anayamba kuphunzitsa, anakumba mu 1905 mutu wa cipilala wokhala ndi mikango inai yofulatirana. India polandira ufulu anatenga mkombero wa nthiti 24 wa pa mwala umenewo nauika pakati pa mbendera yace mu 1947, ndipo mikangoyo inakhala cizindikiro ca boma pa 26 January 1950. Mikango iri pa ndalama za dzikolo, ndipo mkombero uli pa mbendera imene imaima pa nyumba ya kazembe wa India ku Lusaka.

Ku Dhauli, pamwamba pa phiri loyang'ana mtsinje wa Daya, kumene anthu amati nkhondo ya Kalinga inamenyedwera, amonke a ku Japan anamanga kacisi woyera wa mtendere kuciyambi kwa zaka za 1970. Alendo amakwera kumeneko tsiku ndi tsiku, nauzidwa za mtsinje umene unafiira ndi mwazi ndi za mfumu imene inalira. Potsika amaima pa thanthwe lakale, pamene mmisiri wa Ashoka anasema njobvu yoturuka m'mwala kufikira m'mapewa, ndipo pansi pace pali mizere ya zilembo yonena kuti anthu onse ndi ana a mfumu. Wofuna kuwerenga za akufa 100,000 ayenera kukwera sitima ulendo wa mamailo mazanamazana.